Kapu ya Pansi pa Sinki

Deborah anawerenga ndime ija pa foni kachitatu. Kuchipinda, mayi ake aang'ono, a Maud, ankapinda zitenje za malemu n'kumaziunjika milu yoti abale agawane. Panali patapita masiku atatu chiikireni maliro a mayi Elesi, amayi ake a Deborah, ndipo m'nyumba yawo ya ku komboni ya Ng'ombe munkanunkhabe utsi wa mbaula ndi thukuta la anthu amene anagona pansi sabata yonse.

Nkhaniyo inali pa bulogu ya a Karen, mzungu wa kumayadi amene mayi Elesi anamugwirira ntchito ya m'nyumba zaka khumi ndi zinayi. Inali bulogu ya akazi a amishonale ndi alendo ena achikhristu, momwe ankalimbitsana mtima pa za kuthima kwa magetsi, malungo ndi kusowa kwa tchizi chabwino mu Lusaka. Pamwamba pa nkhaniyo panali chithunzi cha kapu yachitsulo yosupuka kukamwa. A Karen analemba kuti Elesi wawo wokondedwa anali wodzichepetsa moti anakana makapu onse okongola a m'nyumba n'kusankha yakale imeneyi, ndipo kudzera mwa iye Mulungu anawaphunzitsa kukhutira ndi zochepa. Pansi pake anthu makumi asanu ndi limodzi anali atalemba kuti Amen.

Linali bodza lamkunkhuniza. Deborah ankakumbukira bwino tsiku limene amayi ake anayamba ntchito. Anabwera kunyumba nkhope ili gwa, nanena kuti awapatsa kapu yawoyawo yokhala pansi pa sinki, pamodzi ndi sopo ndi polishi wa nsapato, ndipo makapu enawo ndi otsuka basi. Ankakumbukiranso mwezi wa Juni, amayi atayamba kutsokomola. A Karen anawauza kuti akapume, ndipo pasanathe masiku anayi m'khitchini munali kale mkazi wina. Miyezi itatu yonse ya matenda sanapondeko ku Ng'ombe, ulendo woti munthu amayenda wapansi tiyi asanazizire.

Kumapeto kwa tsambalo kunali chidziwitso choti bulogu imalandira nkhani za olemba ena, zisapitirire mawu mazana asanu ndi atatu, zikhale zolimbikitsa. Deborah anakhala pa khonde nayamba kulemba. Sanalimbikitse munthu aliyense.

Mchimwene wake wamkulu Lemmy, amene ankasamala maluwa kwa a Karen komweko, anamupeza akulembabe.

"Ulemba chani, Debo?"

"Nilembela ba Madam banu. Bakamba beka kuti aliyense angatume nkhani."

"Ni ya bazungu iyo."

"Ati ni ya balendo bokhala kutali na kwao. Amai banachoka ku Mchinji na kachola kamozi, bankhala muno zaka thirty-five. Nindani mlendo kupambana beve?"

Lemmy analanda foni nawerenga. Pofika pakati anakhala pansi pa sitepe.

"Ukatuma ivi, Monday nilibe nchito. Bazauzana bonse ku church kwao, kulibe azanilemba futi. Bana banga bazadya bulogu?"

"So baziseweletsa dzina ya amai bali m'manda, ise tili chabe zii?"

"Amai bapumula. Ine nikali moyo."

Deborah anamumvera chisoni mkulu wake, koma chisonicho sichinafike pamene panali mkwiyo. Lemmy atanena kuti a Karen abwera Loweruka kudzapepesa maliro, iye analumbira kuti adzawawerengera nkhani yonse pamaso, kenako adzaitumiza, ndipo akakana kuiika pa bulogu adzaimwaza yekha kwa onse aja olemba Amen. Masiku awiri otsatira awiriwo sanalankhulane. Lemmy ankadya atatembenukira kukhoma.

Loweruka masana galimoto yoyera inaima pafupi ndi mpope. A Karen anatsika atakulunga chitenje pamwamba pa thalauza, chikumasuka sitepe iliyonse. Anakana mpando, nakhala pa mphasa pafupi ndi a Maud, nalira ndithu misozi yeniyeni. Zimenezi zinamupsetsa mtima Deborah kuposa china chilichonse, chifukwa munthu wolira ndi wovuta kumutukwana. Komabe foni inali m'manja, nkhani ili yotsegula.

A Karen anatulutsa m'chikwama kanthu kokulunga m'pepala lofewa. Inali kapu ija.

"Nabweretsa iyi," anatero m'Chinyanja chawo chopunduka. "Ni yanu, ya banja. Koma mtima wanga uwawa kusiya. Kuyambira tsiku Elesi anafa, ine nimwa tiyi muno. M'mawa uliwonse. Nimva monga ali pafupi."

Lemmy, amene anaima pakhomo, anatulutsa kaphokoso ngati watsamwa. Anagwira pakamwa natuluka mothamanga. Deborah anaganiza kuti akuthawa zimene zikubwera, ndipo anamutsatira kuti akamukokere m'nyumba amve nawo. Anamupeza kuseri kwa bafa atatsamira khoma, mapewa akugwedezeka, misozi ili chuchuchu. Sankalira ayi. Ankaseka.

"Ba Lemmy, mwafunta? Pa malilo?"

"Debo," anatero akupuma movutikira, "amai sibanamwelepo mu kapu ija olo kamozi. Banalumbilitsa ine kuti nisakambe. Kuchokela tsiku ya first, inali yopimila vakudya va galu wa ba Madam. Galu akatsiliza, bamupatsa anyambite, bapukuta chabe na nyula, babweza pansi pa sinki. Zaka fourteen!"

Deborah anayang'ana mkulu wake kukamwa kuli yasa.

"Nanga tiyi benze kumwela kuti?"

"Ba Madam bakangotuluka pa geti kuyenda ku mapemphelo, amai batenga kapu ya ba Madam ija ya maluwa. Bankhala pa mpando wa ba Madam pa veranda, mendo pa tebulo. Ine nithilila maluwa, beve baniitana ati, 'Gardener, bwela unipatse moni.' Na kachala so."

Lemmy anakweza kachala kakang'ono m'mwamba, milomo ataisongola. Anali amayi awo enieni. Deborah anaseka mpaka anagwada pa dothi, ndipo kusekako kunasanduka kulira kumene kunamukanika tsiku la maliro. Masiku onsewa ankawalira amayi ake ngati munthu woponderezedwa amene anafa osayankha, osadziwa kuti mayiyo ankayankha m'mawa uliwonse.

Atapukuta nkhope, anafufuta mawu onse mazana asanu ndi atatu aja. Anabwerera m'nyumba, natola kapu ndi manja awiri, nagwada pamaso pa a Karen mwaulemu wonse umene anaphunzitsidwa.

"Ba Madam, tengani. Ise sitingailande. Amai bangakondwele maningi mukapitiliza kumwelamo."

"Zoona?"

"Zoona. Musaleke olo tsiku imozi. Futi nifuna kutumako kankhani pa bulogu yanu, ngati muvomela."

A Karen anamukumbatira, nanena kuti zaka zonsezi akhala akupempherera mawu a munthu wa kuno pa bulogu yawo.

Nkhani ya Deborah inali yaifupi, ndipo munalibe bodza ngakhale limodzi. Analemba kuti amayi ake nawonso anali mlendo mu Lusaka, kuti ankadziwa malo awo m'nyumba ya a Karen ndipo ankakhalapo tsiku lililonse. Anathokoza a Karen chifukwa chomwera m'kapu ya pansi pa sinki. Pomaliza anapempha mlongo aliyense wowerenga amene ali ndi wantchito kuti akatenge kapu imene anamupatula nayo, amweremo yekha mwezi wathunthu, aone chimene Ambuye amuphunzitse.

Lolemba m'mawa Lemmy anapita ku ntchito monga mwa masiku onse, ndipo nkhaniyo inatuluka tsiku lomwelo. Pofika madzulo Amen anali atapitirira zana, ndipo akazi ena anali atayamba kale kutumiza zithunzi za makapu osupuka, mabotolo odula ndi zitini za jamu, aliyense atanyamula chake pafupi ndi kamwa. Lemmy anabwera ndi uthenga woti a Karen amwera tiyi pa khonde, galu atakhala pambali akuyang'anitsitsa kapuyo.

Zitenje zinali zitagawidwa, abale atabalalika. M'nyumba munatsala mpando umodzi wa khushoni, wa malemu, umene panalibe anaukhalapo chichitikireni maliro. A Maud anabweretsa tiyi nafuna kuyala mphasa.

"Lekani, amai," anatero Deborah.

Anakhala pa mpandowo, nasanjika miyendo pa tebulo. Ananyamula kapu yake pang'onopang'ono, kachala kakang'ono kali m'mwamba.