Kaseti ya Laimoni

Mathews atabwerako ku Joni m'chaka cha 1998, anafika ndi wailesi ya kanema yaikulu ndi kamakina kotuwa koseweretsa gemu ya magalimoto ampikisano. Anachita lendi kachipinda kumbali kwa golosale ina pa Zalewa, n'kuikamo mabenchi. Malowo anamupezera ndi mchemwali wake wamkulu, Stelia, yemwe ankagulitsa manachesi ndi mbatata ya kachewere pakhonde la golosale yomweyo chimwalirireni mwamuna wake.

Koma sipika ya wailesi ya kanemayo inafera m'basi panjira. Zithunzi zinkaoneka bwinobwino, mawu zii. Gemuyo ikakhala yopanda woisewera inkaonetsa kanema wake woyambirira: magalimoto ofiira ndi oyera akuliwitsana pamsewu wa m'mapiri, fumbi koboo, kenaka pakona ina galimoto yofiira inkaphonya msewu n'kugubuduzikira kuchigwa. Kanema ameneyu ndiye ankayenera kuitana makasitomala. Koma ndani angaime chifukwa cha magalimoto othamanga mwakachetechete? Anthu ankangosuzumira pakhomo n'kumapita.

Mathews anabwereka wailesi ya kaseti kwa mwini golosale n'kuyamba kusaka nyimbo. Atayesa kwaya, anyamata onyamula katundu pamsika anamuseka kuti magalimoto akewo akuperekeza maliro. Atayesa rumba, inamira m'phokoso la mabala apamsewu omwe ankaliza rumba yomweyo. Wina anamupatsa nyimbo za chipani, koma dzuwa lisanapendeke mwala unagwa padenga. Zipani zinali zitangochuluka kumene, ndipo anthu sankachedwa kupsa mtima.

Sabata imeneyo Stelia anapita ku Midzemba kukadwazika mayi awo, n'kumusiyira Mathews nyumba. Mathews, posakasaka makaseti, anatsegula sutikesi ya mchemwali wake. Pansi pa nsalu anapeza kaseti ya Laimoni.

Laimoni anali mwamuna wa Stelia, dalaivala wa pikiapu ya matola pakati pa Neno boma ndi Zalewa. Akaweruka ankaimba banjo, mkulu wake Lameki akumuwombera babatoni. Anajambulapo kamodzi kokha, pabalaza, pa wailesi yobwereka. Chaka chotsatira mabuleki anakana akutsetsereka phiri, pikiapu inagubuduzika, ndipo Laimoni anafera pomwepo.

Stelia anabwerera tsiku la msika, masana. Akutsika m'lole, dengu lili kumutu, anamva banjo. Anaima n'kutchera khutu. Kenaka anamva mawu omwe ankawadziwa kuposa ake omwe:

"Ponda, dalaivala, ponda,
dzuwa latsala pang'ono,
kwathu kuli wondidikira."

Anatula dengu pansi osaona n'komwe pomwe walitula. Pakhomo pa kachipinda ka Mathews panali khamu lomwe sanalionepo. Anadzipanikiza mpaka kulowa. M'katimo anthu anali thithithi, maso pakanema, mapewa akugwedezeka. Magalimoto ankapita ndendende ndi banjoyo ngati anapangidwira pamodzi. Nyimboyo ikamatha, Laimoni ankaseka n'kufuula mawu omwe tsiku lojambula anauza mkazi wake ali kukhitchini. Mathews anali atayeza kuti mawuwo azigwera pomwe galimoto yofiira ikuphonya kona. Galimoto itayamba kugubuduzika, chipinda chonse chinafuula pamodzi ndi malemuyo:

"Stelia, tsegula chitseko, ndafika!"

Kenaka phwete, kuseka.

Stelia anadumpha benchi, n'kukankha mnyamata yemwe anali pafupi ndi wailesi. Anatsegula kachitseko ka kaseti nyimbo ina itayamba kale kulira, n'kukoka. Tepi inakodwa m'kati. Anakokanso, tepiyo n'kutuluka ngati matumbo a nkhuku, kenaka phuthu, kuduka.

"Achemwali!" anafuula Mathews. "Mwaononga!"

"Ndaononga ine? Iwe Mathews, m'sutikesi mwanga umafunamo chiyani?"

"Ndinangobwereka. Ndimati mukabwera ndikuuzeni."

"Undiuze chiyani? Kuti wamupha kachiwiri mlamu wako? Kuyambira m'mawa wamugwetsa kangati kuchigwako? Anthu awa akutchula dzina langa akuseka. Dzina langa!"

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Mathews naye magazi anali atakwera.

"Inu mumaibisa pansi pa nsalu ngati mankhwala. Alamu ankafuna anthu awamve. Anayenda kangati ku Blantyre kukapempha kuti aimbe pawailesi, n'kumabwezedwa pageti? Lero Zalewa yense akuimba nyimbo yawo. Ndayesa makaseti onse pano, palibe yogwirizana ndi magalimotowa ngati imeneyi. Galimoto yofiirayo si yawo, n'chithunzi chabe."

"Iwe unali ku Joni. Amene anakamutenga kuchigwa kuja ndine. Nsapato yake imodzi ndinaitola ndekha m'maudzu. Usandiuze za chithunzi."

Pakona ya chipindacho panadzuka bambo wina wamtali yemwe Stelia sanamuone polowa. Anali Lameki.

"Alamu, dekhani," anatero Lameki. "Mwanayu anandipempha, ine ndinalola. Babatoni akumveka m'menemo ndi wanga. Ndiponso kunena zoona, mawu a Laimoni ndi a kwathu. Kasetiyo inayenera kubwera kwa abale ake kalekale."

Stelia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A kwanu? Maliro asanazizire munabwera ndi ngolo. Munatenga matilesi, munatenga banjo, ngakhale matayala a pikiapu yophwanyika munakagulitsa ku Mwanza. Ndinakhala chete. Lero mukufuna ndi mawu omwe? Muloleze chinthu chomwe chili m'sutikesi mwanga, m'nyumba mwanga? Ngati mukufuna nyimbo, babatoni muli naye. Khalani apa muziwombera magalimotowa mpaka manja atupe."

Anakulunga kaseti ndi tepi yake yolendewera pansonga ya chitenje n'kutuluka.

Madzulo a tsikulo anakhala pakhonde n'kuyesa kukonza. Anadula ndi lezala pomwe panatafunidwa, n'kulumikiza ndi utoto wopaka m'zikhadabo, n'kupota ndi bolopeni. Ataiyesa kwa neba, banjo inalira, nyimbo inayenda, koma itafika kumapeto inangodumphira pa nyimbo ina. Kuseka kuja ndi dzina lake zinali pa kachidutswa komwe anadula. Anabwerera kwake osatsanzika. Mathews atabwera anapeza chikwama chake chili panja, chitseko chokhoma.

Stelia anasamutsira malonda ake tsidya lina la msewu. Kwa masiku angapo kwa Mathews kunkalira rumba, ndipo mabenchi anali opanda anthu. Koma tsiku la msika lotsatira, akupimira mayi wina mbatata, anamvanso banjo ija. Poyamba anaganiza kuti mutu wayamba kumusokonekera. Ayi, inkachokera tsidya lija, ndipo khamu linali litayamba kale kusonkhana. Mathews anali atajambuliratu kaseti ina asanagwidwe, n'kukhala chete.

Ulendo uno Stelia sanafuule. Anawoloka msewu, n'kulowa. Mathews atamuona anathamangira pa wailesi, n'kutulutsa kaseti ija, n'kuiponya m'thumba la buluku. Koma Stelia sanapite kumeneko. Anali ataonapo mchimwene wake akutsegula kamakina kotuwa kaja. Anadina batani, chivundikiro chinatseguka, ndipo anachotsa chimbale chonyezimira chomwe munali gemu yonse. Magalimoto anazimirira.

"Achemwali, chimenecho ayi! Kuno sichipezeka chimenecho!"

Stelia anatuluka n'kulunjika ku mlatho wa Shire. Mathews ankamutsatira pambuyo akuchonderera, khamu nalo lili m'mbuyo, ogulitsa nsomba ndi mbuzi yootcha kusiya malonda awo. Wapolisi wa pa lodibuloko anafunsa chomwe chachitika, wina n'kumuyankha kuti ndi za pachibale, iye n'kubwerera pamthunzi.

Pakati pa mlatho Stelia anaima, n'kutulutsa dzanja kunja kwa zitsulo, chimbale chili pakati pa zala zitatu. Pansi madzi ankathamanga, obiriwira.

"Bweretsa kasetiyo."

"Achemwali, ganizani. Zaka zonse zija ndavutika ku Joni zili pa chimbale chimenecho."

"Ndiye ukudziwa kuwawa kwake. Bweretsa."

"Tipangane. Ndiziiliza popanda mbali ya dzina lanu ija."

"Ukundiyesa ndikuseka eti?"

Anamasula chala chimodzi. Chimbale chinapendama, anthu n'kukuwa. Mathews anapisa m'thumba mofulumira n'kutulutsa kaseti.

"Pali inanso?"

"Palibe."

"Lumbira pa mayi ako akudwala ku Midzemba."

Mathews anazyolika. Kenaka anatembenukira kwa Lameki, yemwe anali ataima kumbuyo kwa khamu. Lameki anakanda m'mutu, n'kutulutsa kaseti yachitatu m'thumba la jekete. Anthu anaseka, ena kuwomba m'manja, koma Stelia sanaseke. Analandira zonse ziwiri, n'kuziika m'kati mwa bulauzi. Chimbale anachisiya pansi, pa simenti ya mlatho, kuti mwini wake awerame yekha.

"Kuyambira lero," anatero, "amene ndimumve akufuula dzina langa pamsika pano, adziwa kuti Laimoni anakwatira mkazi wotani."

Ija ya Lameki anaiphwanya ndi mwala atafika kunyumba. Ya Mathews anaisunga, chifukwa inali ndi nyimbo yonse mpaka kumapeto.

Mathews anakonzetsa sipika kwa wokonza mawailesi wa ku Lisungwi, ndipo zinapezeka kuti gemuyo inali ndi nyimbo yakeyake ya magitala olira ngati macheka. Anyamata anaizolowera, bizinesi n'kumayenda pang'onopang'ono. Mayi awo atachira anabwera kudzawayanjanitsa, n'kukhala nawo pamphasa tsiku lonse. Mathews anapepesa. Stelia anati wamva. Koma malonda ake sanawabwezere pakhonde la golosale, ndipo Mathews akafuna manachesi ankawoloka msewu n'kugula ngati wina aliyense.