Matayala a Kalavani ya Obadiya

Anati aidule. Kalavani imene mwamuna wanga Obadiya anaiwotcherera miyezi isanu pakhonde pathu ku Mponela, akulu a mpingo anagwirizana kuti aidule ikhale ngolo ya ng'ombe. Ine ndinamva nkhaniyi Lamulungu potuluka m'tchalitchi, kwa a Nowa, mkulu wa mpingo, ndipo anandiuza akumwetulira ngati akundipatsa mphatso.

"Mayi Margareta, musadandaule. Malemu Obadiya anayesetsa ndithu, koma mwina kuwotcherera kwa zinthu zoyenda pamsewu sikunali mbali yawo."

Obadiya anaipanga kalavaniyo kuti izinyamula matenti, matilesi, mapoto ndi jenereta tikamapita ku msonkhano wa misasa ku Kasakula. Inapita zaka zinayi, n'kubwerako yabwinobwino. Chaka chatha, iye atangotisiya, anaikoka ndi mlamu wanga Langton, mng'ono wake, woyendetsa minibasi. Pachitunda chachikulu tayala linaphulika, kalavani n'kugwera m'ngalande, chimanga mbwee mumsewu. A Langton anabwera ndi nkhani yoti chitsulo chinapindika chifukwa achimwene ankathamanga pogwira ntchito. Aliyense anavomera. Womwalira sayankha, ndiye amamusenzetsa chilichonse.

Zinandipweteka, ndipo ndinakwiya kwambiri. Ndinawauza a Nowa pamaso pa anthu kuti andipatse ulendo umodzi, ndiikoke ndekha ndi pikapu ya malemu. Ikalephera kufika ku Kasakula, macheka ndidzawabwereka ndine.

"Ulendo umodzi," anatero. "Koma musativulazire katundu."

Lolemba ndinapita kuseri kwa tchalitchi kumene anaitaya. Ndinagona pansi, chitenje ndi chitenje, n'kuiyang'ana kunsi. Panalibe paliponse pamene panang'ambika. Pachitsulo chokokera, nditapala matope ndi mpeni, ndinapeza zolemba za Obadiya, zokhoma ndi tchizulo monga ankachitira pa chilichonse: 185R14C, pansi pake 500, kenako 1500. Ndinakhala naye zaka makumi awiri ndi zitatu, sindinafunikire wondimasulira. Woyambayo ndi mtundu wa tayala, 500 ndi kulemera kwa kalavani ili yokha, 1500 ndi malire ake itasenza. Koma tayala limene linatsala linali katayala ka galimoto yaing'ono, kolembedwa 175/65 R14, kumapeto kwake 82.

Ndinaligubuduza mpaka kwa Bryson wogulitsa matayala kufupi ndi msika.

"Amama, folotini ndi folotini," anatero asanandipatse n'komwe moni wokwanira. "Bola lalowa pa limu. Ndili nawo akaunjika, mapazi ake adakali onse."

"Nanga 82 uyu kumapetoku akutanthauza chiyani?"

Anakanda m'mutu, n'kutulutsa foni. Anapeza kuti nambala imeneyo imanena katundu amene tayala lingasenze, ndipo 82 ndi makilo 475. Awiri sakwana n'komwe chikwi. La mtundu uja analemba Obadiya nambala yake ndi 102, limasenza 850 lokha, ndipo C ndi chizindikiro cha tayala lamphamvu la magalimoto onyamula katundu.

"Amenewa timaika pa minibasi," anatero Bryson, kenako anatseka pakamwa mochedwa.

"Minibasi ya ndani inabwera kudzasinthitsa matayala chaka chatha, maliro atangotha?"

"Amama, ine ndimangopopa mpweya."

Sindinamukakamize, mlandu suwola. Ndinatenga awiri atsopano a mtundu wa Obadiya ndi lachitatu lapadera, ndinaonetsetsa kuti akupopa mpweya umene unalembedwa pambali pake, osati woyeza ndi chidendene monga amachitira anyamata apamsika.

Lachisanu m'mawa anthu anasonkhana patchalitchi ndi katundu. Ine ndinali nditamangirira kale sikelo yathu ya fodya panthambi ya mtengo wa mango. Matenti, matilesi, mapoto ndi jenereta zinakwana makilo 300. Ndiye panatsala malo a 700.

"Basi, matumba a chimanga khumi ndi anayi," anatero a Nowa msangamsanga. "Thumba ndi fifite. Ndipo ndi omwewo amene tili nawo. Mulungu ndi wadongosolo."

"Tiwayeze," ndinatero.

"Mayi, chimanga cha masika sachiyeza. Ndi chopereka."

"Amene adzachisenze si Mulungu, ndi tayala."

Amayi ena anagwira pakamwa. Ine ndinakoka thumba loyamba ndekha mpaka amuna awiri anachita manyazi n'kudzandithandiza. Linali la a Lidia, wapampando wa amayi. Sikelo inati 68. Lachiwiri 71. Kwathu kuno thumba lopita kwa mavenda ndi lina, lopita kutchalitchi ndi lina. La masika timalitsendera ndi munsi, kuligwedeza, kuwonjezera, kenako n'kusokerera kansaka kena pamwamba, chifukwa palibe amene amafuna kuti anzake azinena kuti wapatsa Mulungu thumba lofwefwera. Zonsezi timazidziwa, koma powerenga timangoti fifite.

La a Nowa linafika 76. Anayesa kukwiya koma chimwemwe chinawapambana, anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati anthu amva.

Nditakweza matumba khumi ndinatseka chitseko cha kalavani. Anayi anatsala pansi, limodzi mwa iwo la a Nowa, poti linali lolemera kuposa onse.

Apa ndi pamene a Langton anayandikira. Anabwera ndi minibasi yawo kudzanyamula anthu.

"Alamu, musatichititse manyazi. Anayi okhawa? Ponyaniponi. Matayala mwagulawa amasenza 1700, ndawawerenga."

"Mwayamba liti kuwerenga matayala, alamu?"

Anaseka kuseka kopanda mano.

"Matayala angathe," ndinatero, "koma mwini wake analemba 1500. Chaka chatha simunamumvere, chaka chino mumumvera. Anayiwa akwere minibasi yanu. Ili ndi matayala abwino kumbuyoko, ndikuwadziwa. Lakumanzerelo lili ndi kadontho ka penti yobiriwira, yomwe inatsala titapaka zitseko zakwathu."

Anthu onse anatembenukira ku minibasi. Kadonthoko kanalipo, dzuwa likuwala bwinobwino. A Langton ananyamula thumba la a Nowa okha, msana uli gwaa, osapempha wowathandiza.

Ndisaname, ndinali ndi mantha. Pikapu ndinkaiyendetsa popita kumunda ndi kuchigayo, koma ndinali ndisanakokepo chinthu cholemera chonchi m'mapiri a Ntchisi. A Lidia anakhala pambali panga atafumbata Baibulo. Phula litatha, msewu unayamba mabampu ndi miyala yosongoka. Kalavani inkalira kumbuyo, ine maso pagalasi, kuyembekezera kumva tayala likuphulika monga chaka chatha. Pachitunda chachikulu ndinaika giya yoyamba. Injini inabuula, fumbi linalowa m'maso, thukuta linatsikira m'khosi. Ndinaona ngalande ija kumanzere, mapesi a chimanga chomera chokha ataima m'menemo, mbewu ya matumba athu omwe aja. Ndinadutsa osachotsa phazi.

Pamwamba ndinaima dala. Ndinatsika n'kugwira matayala onse awiri, anali ofunda pang'ono chabe. Minibasi inafika pambuyo, anthu n'kutsika kudzaona. A Nowa anazungulira kalavani kawiri, anagogoda tayala ndi nsapato, n'kugwedeza mutu.

"Ayi ndithu, matayala ndi abwino amenewa."

"Ikagwa ndi Obadiya, ikakwera ndi matayala?" ndinafunsa.

A Nowa anatembenuka kuti abwerere ku minibasi.

"Sitichoka pano," ndinatero, makiyi ndikuwaika m'thumba la bulauzi. "Munamutchula dzina pomunyoza, pakhomo la tchalitchi. Mumutchulenso pano."

A Lidia anandigwira mkono, ine ndinauchotsa. Dzuwa linali litafika paliwombo, ana akulira m'minibasi, ndipo ndinali wokonzeka kukhala pamenepo mpaka Lamulungu.

A Nowa anavula chipewa. Anawerama, n'kuyendetsa chala pamzere wowotcherera wa chitsulo chokokera, kuyambira kumutu mpaka pa manambala aja.

"Obadiya anali mmisiri," anatero. "Tinamulakwira."

Sindinayang'ane iwo, ndinayang'ana a Langton. Anali ataima kumbuyo kwa anthu, maso pansi.

"Achimwene anali mmisiri," anatero motsitsa.

"Sindinamve, alamu. Mphepo."

Anabwereza mokweza. Pamenepo ndinatulutsa makiyi. Misozi inandipeza titayenda kale, ndipo a Lidia anandipukuta ndi nsonga ya duku lawo chifukwa manja anga onse anali pa chiwongolero.