Tsiku Limene a Hutala Anamasulirira Kazembe

A Hutala anali atagwada pabeseni la madzi, akufunafuna pamene chubu cha njinga chinabooka, pomwe mphwawo anatulukira pakona ali wefuwefu, nsapato zili m'manja.

"Amalume, siyani matayalawo. Kasambeni."

"Wamwalira ndani?"

"Palibe. Womasulira uja sabwera, basi yamufera panjira. A kazembe afika 2 koloko, ndipo m'tauni muno wodziwa chinenero chawo ndinu nokha."

Mtsikanayu anali mlembi wa Zenera, kabungwe ka anthu ongodzipereka kamene kanali ndi chipinda chimodzi kuseri kwa laibulale. Mwezi uliwonse kankaitana munthu wodziwa za mayiko ena kuti adzacheze ndi anthu wamba: lero mtolankhani, mwezi wamawa wamalonda amene anayendapo kunja. Koma kazembe weniweni, woimira dziko lake, anali asanapondepo m'tauniyo. Bungwelo linalemba makalata zaka ziwiri, ndipo amene anavomera anali mayi wongofika kumene pantchito. Anapempha chinthu chimodzi chokha: ayankhule m'chinenero cha kwawo, bungwe lipeze womasulira.

A Hutala anaimirira pang'onopang'ono, madzi akudontha m'zigongono. Anayendetsa magalimoto a katundu kupita kudziko limenelo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ulendo wa masiku anayi kupita kokha, mpaka msana unawakaniza. Dzina loti Hutala anawapatsa ndi madalaivala anzawo, chifukwa akayankhula kuchipata cha malire, a kumapeto kwa mzere ankamva.

"Ine? Kuimirira pafupi ndi kazembe?"

"Inu amene."

Anamusiyira mwini njingayo chubu m'manja, namuuza kuti adzabwere mawa, adzamumatira ulere.

Kunyumba akazi awo anamva nkhaniyo ali pamakina osokera. Anaseka mpaka anagwira m'mimba.

"Chinenero chanucho ine ndimachimva mukamakalipira agalu basi. Mukakawatukwana a kazembe, musadzati sindinanene."

"Mayi, ndisitireni jekete. Lero mwamuna wanu akukalumikiza mayiko."

"Jekete lake lija la paukwati? Mabatani ake anasiya kalekale kugwirizana ndi mimba yanuyo. Yambani mwagwirizanitsa zimenezo."

Komabe analisita, nasuntha batani limodzi, ndipo iwonso anavala diresi lawo labwino. A Hutala ankasamba akuyankhula okha m'bafa, kukumbutsa lilime mawu amene linali litaiwala. Ena ankabwera okha, ena ankachita kuwakoka. Ambiri mwa amene ankabwera okhawo sanali oyenera pamaso pa anthu.

Holo ya sukulu inali itadzaza kale. Kunali aphunzitsi, amayi a kumsika, anyamata a njinga zamoto, anamwino awiri atavala yunifolomu, ndi ena amene anangobwera kudzaona galimoto ya mbendera. A tcheya a bungwe, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, anawakokera a Hutala pambali. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, napuma mozama.

"Bambo, pano si pamalire. Mawu anu muwachepetse. Mafunso ndasankha kale atatu: la maphunziro, la malonda ndi la zanyengo. Mumasulire zimenezo basi. Taphika msonkhano umenewu zaka ziwiri, usatipserere lero."

"Musadandaule, a tcheya. Ine sindinagwetsepo galimoto."

Galimoto yakuda inalowa pageti 2 koloko itangodutsa pang'ono. Munatuluka mayi wamfupi, wa imvi za apo ndi apo, atavala nsapato zafulati. A Hutala anali atakonza moni waulemu ali m'bafa muja, koma mayiyo atawapatsa dzanja, moniwo unathawa. Chimene chinatuluka ndi moni wa madalaivala: "Mwafika, bwana? Matayala onse ali moyo?"

Kazembe anawayang'ana kaye, kenako anaphulika kuseka.

"Mawu amenewo ndinawamva komaliza kwa bambo anga," anatero m'chinenero chawo. "Ankagulitsa tiyi kwa madalaivala padoko. Mumayankhula ngati wa kwathu kwenikweni."

"Akuti chiyani?" anafunsa a tcheya, thukuta lili kamukamu.

"Akuti ayenda bwino."

Mtima wa a Hutala unali kudumpha ngati wa mwana. Ali pansanja anaona akazi awo pamzere wachitatu, akuloza ndi chala kuuza oyandikana nawo kuti uyo ndi wanga. A tcheya anawapatsa maikolofoni, iwo anakana. Sankaifuna.

Kazembe anayamba ndi nkhani ya msewu umene umalumikiza mayiko awiriwo, ndipo pamenepo a Hutala anali kwawo. Ankadziwa mlatho uliwonse ndi dzenje lililonse. Mayiyo akanena chiganizo, iwo ankachinyamula n'kuchitula m'makutu mwa anthu chili chotentha. Kenako panabwera liwu lalitali limene anali asanalimvepo. Sanachite manyazi. Anatembenuka n'kufunsa mwini wake kuti limatanthauza chiyani, ndipo atawafotokozera, anagwedeza mutu.

"Akunena za ntchito yawo," anauza anthu. "Akuti mayiko awiri ali ngati magalimoto awiri amene akumana pamlatho wopapatiza. Aliyense akuimba hutala, palibe akufuna kubwerera m'mbuyo. Kazembe ndi munthu uja amatsika n'kukaima pakati, kuuza uyu kuti bwerera pang'ono, ndi uyo kuti pinda galasi lako, mpaka onse adutse popanda wina kumva kuti wagonja."

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Mnyamata wina wa njinga yamoto ananena mokweza kuti ntchito imeneyo iyenso angaithe. Ngakhale a tcheya anamasula tayi pang'ono.

Mafunso atatu aja anadutsa bwinobwino. A tcheya anali akuimirira kuti athokoze mlendo pamene mayi wina anadzuka kumbuyo kwa holo. A Hutala ankamudziwa: ankagulitsa tomato pakhomo la msika, ndipo ankabweretsa wilibala yake kwa iwo tayala likaphwa. M'manja mwake munali chithunzi.

"Mayi, nthawi yatha," anatero a tcheya.

"Nthawi yanga inatha kale, bambo. Ndingofunsa kamodzi." Anayenda mpaka kutsogolo, nakweza chithunzicho. "Uyu ndi mwana wanga woyamba. Anapita kwanuko zaka ziwiri zapitazo kukagwira ntchito m'minda ya zipatso. Atangofika, bwana wake anamulanda pasipoti. Ankandiimbira Lamlungu lililonse. Tsopano miyezi isanu foni yake sikulira. Ndapita kumaofesi onse, amangondiuza kuti dikirani. Mwatiuza za msewu wabwino. Msewu umenewo unatenga mwana wanga, nanga bwanji sukumubweza? Kodi inuyo muli ndi mwana?"

Kazembe anatembenukira kwa a Hutala, kudikira.

A tcheya anasendera pafupi n'kunong'ona. "Nenani kuti akufunsa za mwayi wa ntchito kwa achinyamata. Mlendo ndi mame, tisamuchititse manyazi. Akakhumudwa, palibe kazembe wina adzabwere kuno."

A tcheya sankanama: bungwe lonse linkadalira tsiku limeneli, ndipo mphwawo anali atagwira kope lake mwamphamvu, maso ali pansi. M'holo monsemo palibe akanadziwa kuti mawu asinthidwa. Koma a Hutala minda ija ankaidziwa. Ankadutsamo kawiri pamwezi, ndipo tsiku lina masana, ataima kuti aone matayala, mnyamata wina anatuluka m'mitengo n'kuwapempha m'chinenero cha kwawo kuno kuti amubise pansi pa tenti. Iwo anaopa apolisi a pamalire. Anamupatsa buledi ndi botolo la madzi, naliza galimoto. Nkhani imeneyo anali asanauzepo munthu, ngakhale akazi awo.

Anatsokomola, nayamba kumasulira. Ananena za minda, za pasipoti, za foni ya Lamlungu, za miyezi isanu. Ananena za msewu wotenga osabweza. Atafika pa funso lomaliza anazengereza pang'ono, koma nalonso analinena momwe linalili.

Nkhope ya kazembe inasintha. Anatsika pansanja, naima pamaso pa mayiyo, n'kulandira chithunzicho ndi manja awiri.

"Akuti ali ndi ana awiri," anamasulira a Hutala motsitsa mawu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo mwawo anthu a kumbuyo anachita kutchera khutu. "Akuti kulanda munthu pasipoti n'kuswa lamulo kwawoko. Akuti sakulonjeza kuti amupeza, chifukwa sakufuna kukunamizani. Chimene akulonjeza n'chakuti afunsa, ndipo chimene amve akuuzani, chabwino kaya choipa. Akufuna dzina lake, tsiku lobadwa ndi dzina la mundawo."

Mlembi anathamanga ndi kope lake. Asanamalize kulemba, bambo wina wokhoma zidebe anaimirira: mng'ono wake nayenso. Kenako mmodzi mwa anamwino aja: mlamu wake. Anthu anapanga mzere pakati pa mipando. Kazembe anapempha mpando, nakhala pansi, ndipo ola lathunthu a Hutala ananyamula mawu kupita uku ndi uku mpaka kukhosi kunauma. Mayina anakwana asanu ndi atatu.

Galimoto ya mbendera itatuluka pageti, a tcheya anawapeza a Hutala akumwa madzi pampopi.

"Mwatiphera bungwe, bambo. Ndinakuuzani zoti munene."

"A tcheya, ine ndanyamula katundu wa eni ake zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sindinatsitsepo thumba panjira chifukwa choti likulemera."

A tcheya anapita kukathandiza kusanja mipando, ndipo kwa milungu itatu akadutsa pamalo omatira matayala ankayang'ana kumbali.

Lachinayi la mlungu wachinayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, a tcheya omwewo anaima kutsogolo kwa beseni lija, mlembi ali pambuyo pawo. Anali ndi envelopu yaikulu ya chidindo.

"Yachokera kwa a kazembe. Kapepala kapamwamba tawerenga, akuthokoza bungwe ndipo akuti adzabweranso. Koma chenicheni chili m'kalata iyi, yochokera ku ofesi ya zantchito ya kwawoko. Ili m'chinenero chawo. Tiwerengereni."

A Hutala anapukuta manja, nalandira pepalalo. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakanda m'mutu.

"A tcheya, chinenero chimenechi ine ndinachiphunzira ndi makutu. Papepala sitidziwana."

Onse atatu anangoyang'anana. Ndiye mlembi analanda pepalalo.

"Zilembo zake ndi zathu zomwezi. Ine ndiziwerenga mokweza, inu muzimvetsera."

Anayamba kutchula mawu amene sankawamva, chilembo ndi chilembo, ngati mwana wa sitandade wani. A Hutala anatseka maso, khutu lili kwa iye.

"Bwereza pamenepo. Ayi, usalikoke, lidule. Eya, limenelo ndi munda. Pitiriza."

Anthu odutsa anayamba kuima. Wogulitsa nthochi anatula dengu lake. Mlembi ankapunthwa, amalume ake n'kumudzutsa, ndipo a tcheya ankalemba ndi pensulo kuseri kwa envelopu chilichonse chimene chatuluka. Pa mayina asanu ndi atatu aja, atatu anali atapezeka. Asanu ankafufuzidwabe. Mwini munda wina anali ataitanidwa kukayankha mlandu.

"Tchula mayina atatuwo," anatero a Hutala.

Mayinawo sanafune womasulira. Dzina lachiwiri linali la mwana wa mayi wa tomato. Anali moyo, anasamutsidwira kumunda wina wakutali kopanda foni, ndipo pasipoti yake inali m'manja mwa ofesiyo.

A tcheya anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira.

"Kuyambira mlungu wamawa," anatero, "chipinda cha bungwe chizitsegulidwa Lachiwiri lililonse kwa amene ali ndi m'bale wosowa kunja. Mlembi azilemba. Inu, bambo, mudzakhale pomwepo."

"Za Lachiwiri tikambirana," anayankha a Hutala, akuvala nsapato. "Panopa tiyeni kumsika."

Ananyamuka atatuwo, anthu aja akuwatsatira. Atangokhota pakona ya msika, mayiyo anawaona ali patali, envelopu ili m'manja mwa a tcheya. Anaimirira, tomato ali m'manja, osasuntha. A Hutala anaona mmene nkhope yake inaumira, ndipo anadziwa kuti mapazi makumi asanu otsalawo amutalikira mayiyo kuposa miyezi yonse ija. Sanadikire kuti afike. Anaima pakati pa msewu, nadzaza mpweya m'chifuwa.

"Mayi, ali moyo!"

Msika wonse unamva.