Chitamba Chimene Jeremiah Anadya

Bambo anga anapita ku Joni ine ndili kumsana ndipo sanabwerenso. Choncho pamene a Robson Goma ankandifunsira ukwati ndinawauza chinthu chimodzi chokha, kuti umphawi ndipirira koma sindidzakhala mkazi wa mtchona. Analumbira kuti dothi la kwa Kambombo ndilo lidzawadye. Mawuwo anawasunga ndithu. Anzawo ankapita ku migodi n'kubwerako ndi zipewa ndi chifuwa, iwo ali phee kulima chimanga m'mbali mwa Luangwa, mfuti ya gogodela imene anawasiyira bambo awo ili chiimire pakhoma. Tinabereka mwana wamkazi, Maggie, ndipo ine ndinayamba kunenepa.

Amene anatisokonezera mtendere ndi Jeremiah Mvula. Anali mwana wa kwathu komweko, koma anakhalako kunjanji, ku matauni odutsa sitima, n'kubwerako ndi jekete yamizeremizere ndi lilime la uchi. Chinali chaka chimene azungu ankakakamiza Chitaganya, chija chomanga dziko lathu mtolo umodzi ndi Nyasaland ndi Halale. Jeremiah ankayenda mudzi ndi mudzi m'dzina la chipani cha anthu akuda, kuuza anthu kuti Chitaganya chikangolowa tidzakhala alendo pa minda yathu yomwe. Pamenepo sananame, ndipo n'chimene chimandiwawa. Amuna anga anamva mawuwo ngati ulaliki. Munthu amene ngakhale nkhuku ankaziingitsa monong'ona anayamba kuimirira pamisonkhano, mitsempha ya m'khosi ili njo.

Ndiye Jeremiah anabwera ndi nzeru yake, yakuti chilichonse chochokera kuboma tichikane, ngakhale fundi. Kwathu kuchigwa chimanga chikayamba kukhwima timalimbirana ndi njovu, ndipo boma linkatumiza fundi, mlenje wake wa mfuti yaikulu, kudzapha imodzi kuti zinzake zithawe. Kukana fundi kunali kuitanira njovu kuphwando. Akuluakulu anakayika, koma a Robson anawanyengerera mmodzimmodzi, akuti njala ya chaka chimodzi siingafanane ndi ukapolo wa muyaya. Fundi atafika anamumana madzi ndi malo ogona, ndipo anabwerera kuboma akupukusa mutu. Tinamanga nsanja m'minda, tinaimba ng'oma ndi zitini mpaka manja kutupa. Njovu zinamvera nyimbo zathu uku zikudya. Pofika nthawi yokolola, m'munda mwathu munali mapesi opondedwa ndi ndowe zokhazokha. Chitaganya nacho chinalowa bwinobwino, osapunthwa ngakhale chala.

Njala itafika poti ana akulira mopanda misozi, amuna anga anatenga gogodela ija, anaithira onga, n'kukapha njovu yamphongo pa dziwe la kumunsi kwa mudzi. Chilolezo analibe, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi mlandu wa kundende. Koma mudzi wonse unapita ndi mipeni ndi madengu. Palibe khomo limene silinafuke utsi wa nyama, ndipo amene ankawatukwana dzulo lake chifukwa cha fundi ankawatcha ngwazi, mafuta ali chuchuchu m'zigongono. Minyanga anaikwirira mumchenga, ndipo tonse tinagwirizana kuti akadzafunsa a boma tidzati njovuyo tinaipeza itafa yokha.

Tsono kwathu kuli mwambo. Chitamba cha njovu sichidyedwa ndi munthu wamba, chimapita kwa amene mumamuyesa mutu wanu, ndipo sachitumiza ndi mwana kapena mlamu. Amachisenza yekha amene waphayo, n'kukachitula pamapazi. Makolo ankapita nacho kwa mfumu. A Robson anati mfumu imadya za boma, mtsogoleri weniweni wa anthu tsopano ndi Jeremiah. Ndinawaletsa. Ndinati chitamba chili ngati dzina lanu, mukukachitula kwa munthu amene sanagonepo pansanja ngakhale kamodzi. Anandiyankha kuti zandale si za akazi, anachikulunga m'masamba, n'kuchisenza dzuwa likuswa mtengo mpaka kwa Jeremiah. Iye anachilandira ndi manja awiri, anawatcha mkango wa chigwa, ndipo ndinamva kuti anachidya masiku angapo osagawirako ngakhale apongozi ake.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti boma linali litamulonjeza kale mpando wa ukhansala ku khoti, pamodzi ndi njinga. Mzungu wa zanyama atabwera ndi amesenjala ake, anafunsa khomo ndi khomo, ndipo aliyense anayankha zimene tinapangana zija, mpaka ana. Mlandu unali ukufa. Ndi pamene Jeremiah anaimirira, anakonza jekete yake, n'kunena kuti iye sanganame pamaso pa lamulo. Anafotokozera mzunguyo mwambo wathu wonse bwinobwino ngati mphunzitsi, kuti wosenza chitamba ndiye wopha, ndipo anamuuza amene anachitula pakhomo pake. Amuna anga anawamanga ndi chingwe m'chiuno, Maggie akuona. Mfuti ya bambo awo inapita, ndipo iwo anakakhala kundende mpaka mvula ina inagwa n'kutha.

Anabwerako ali munthu wina. Sankatukwana, sankadandaula, ankangokhala pakhonde kusema mipini imene palibe anaipempha. Tsiku lina ndikupeta mapira opemphetsa kwa achimwene anga, anandiuza kuti amva zoti ku Tanganyika, ku minda ya khonje, akulemba anthu ntchito. Lichero linandigwa m'manja.

“Awiske Maggie, munalumbira,” ndinatero, kuwaitana monga tiitanira bambo wa mwana kwathu.

“Ndinalumbirira dziko, NyaZimba. Manje dzikolo lili kuti? La azungu landimanga, la anthu akuda landigulitsa. Undionetse lachitatu ndikhalemo.”

Ndinaganiza kuti bala lawo ndi Jeremiah yekha, ndipo kuti iye akangobwera ndi nkhuku kudzapepesa, monga achitira anthu oleredwa, mtima wawo ukhala pansi. Ndinameza manyazi anga n'kupita kwake. Ndinamupeza akupukuta njinga ija ndi nsanza, mwachikondi ngati akusambitsa khanda. Ndinagwada, ine mwana wa a Zimba, kugwadira chinthu chimene chija. Anandimvetsera akumwetulira, kenako anandiuza kuti ndale ndi zozama, kuti mdani amamenyedwa bwino ukalowa m'nyumba mwake, kuti ukhansala wakewo ndi nsembe imene akuperekera anthu. Za a Robson anati nkhondo iliyonse imakhala ndi ovulala, ndipo mayina awo adzakumbukiridwa ufulu ukadzabwera. Za nkhuku anaseka. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma munthu uyu mvula inkamulambalala. Ndinabwerera wopanda kanthu, ndipo kunyumba ndinanena kuti ndinali kwa achimwene.

Chiyembekezo changa chotsala chinali mudzi. Akuluakulu a chipani ochokera kunjanji anaitanitsa msonkhano pa bwalo la sukulu kudzasankha wapampando wa dera lathu. Ndinawakakamiza amuna anga kuti tipite. Ndinati anthu awa anadya nyama yanu, anaona chingwe m'chiuno mwanu, lero mukaona kuti muli ndi abale. Anavala malaya awo oyera, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere kundende ndinawaona akupesa tsitsi.

Pabwalopo, pa mpando wapakati pa alendo, panali Jeremiah. Anali atawauza kale alendowo kuti ndi iye amene anatsogolera chigwa chonse kukana fundi, ndipo iwo anamutamanda kuti ndi munthu wodziwa kuyankhula ndi azungu komanso ndi anthu ake. Dzina lake litatchulidwa, a Robson anaimirira. Sanakweze mawu. Anangopempha kuti asanasankhe, munthuyo auze alendo chimene anachita nacho chitamba. Ine ndinayang'ana nkhope za anansi athu kudikira woyamba kuvomereza. Onse maso anali pansi. Khansala ndiye ankalemba mayina a olandira chimanga cha njala, ndiye ankanong'oneza kukhoti, ndipo aliyense anali ndi kamlandu kake kapena kamimba kake. Woyamba kutsegula pakamwa anali a Sunday Lungu, amene anasenza mwendo wathunthu wa njovu ija mpaka msana kuwapweteka. Anati munthu wochokera kundende asatisokonezere msonkhano. Wina kumbuyo anawonjezera kuti ndi yemweyu anatigonetsa ndi njala pothamangitsa fundi. Mlendo wamkulu anapempha mgwirizano, akuti mutu umodzi susenza denga, ndipo anyamata awiri anawagwira amuna anga m'mikono kuwatulutsa. Tisanafike n'kumsewu komwe, m'manja munali mukuwombedwa.

Panjira sanandidzudzule, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Atafika kunyumba anavula malaya aja, anawapinda, n'kuyamba kumanga kamtolo. Ndinalira, ndinatukwana, ndinawakumbutsa za bambo anga, ndinawaikira Maggie pamiyendo. Ndinati mwatitaya chifukwa cha anthu amene sakukuganizani n'komwe, ndipo mukachoka Jeremiah ndiye wapambana kawiri. Anavomera zonse, koma anati akakhala adzapha munthu kapena adzayamba kuwomba nawo m'manja, ndipo sakudziwa choipa kwambiri n'chiti. Anati akakhazikika adzatituma. Mawu amenewo ndinakula ndikuwamva kwa amayi anga, ndipo ndikudziwa kulemera kwake.

Ananyamuka Loweruka m'mawa, tsiku limene mudzi unakonza phwando lolandira wapampando watsopano. Palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene anawaperekeza. Tinapita ine ndi Maggie mpaka padooko la Luangwa, pamene apaulendo amawolokera kuti akakwere mapiri a Muchinga kulowera ku Tunduma, kumalire a Tanganyika. Mwini bwato anali akukapa madzi ndi chikho, ndipo anayang'ana kumbali kutipatsa mpata. Ndinawapatsa mbatata zootcha ndi kansalu ka mchere. Ndinali nditatsimikiza kuti sindifunsa, koma pakamwa panandipereka.

“Mudzabwera liti, awiske Maggie?”

Anamunyamula mwana, anamununkhiza kumutu, n'kumutsitsa.

“Ukadzamva kuti anthu aleka kumuwombera m'manja, unditumire mawu. Tsiku lomwelo ndidzanyamuka, olo ndi miyendo.”

Analowa m'bwato n'kukhala chotiyang'ana, dzanja lili m'mwamba, Maggie akuwabayibitsa ndi manja onse awiri. Ndinayamba kudzinyengerera kuti mwina si kale kwambiri, anthu si ana, tsiku lina adzatopa naye. Bwato litafika pakati pa mtsinje, kumudzi kunalira ng'oma. Kenako nthungululu, kenako m'manja, mwamphamvu, mudzi wonse, moti phokoso linatsetsereka ndi madzi mpaka kutsidya. Mawu ena a nthungululuzo ndinawazindikira, anali a akazi amene ndimatunga nawo madzi. Amuna anga anamvetsera kanthawi. Kenako anatsitsa dzanja lija, anatembenuka mosamala kuti bwato lisapendame, n'kukhala choyang'ana kumapiri.