Kamtanda pa Nthiti za a Elia

Nkhungu inali isanachoke m'mapiri ngakhale kuti dzuwa linali pamutu. A Elia, mlimi wa fodya wa ku Nachisaka, anakhala pabedi atawerama, atakumbatira pilo, akupuma ngati munthu wokwera chitunda atasenza thumba la chimanga. Madzi anali atadzaza m'chifuwa mwawo mbali ya kumanja, ndipo anafunika kuchotsedwa tsiku lomwelo.

A Solomoni, dokotala wamkulu pachipatala chaching'onocho, anachita monga ankachitira kwa zaka makumi awiri. Anaika chala pamsana pa wodwalayo n'kumachigogoda ndi chala china, akutsika nthiti imodziimodzi, khutu lili tcheru. Pomwe panamveka ngati mgolo wodzaza, anajambulapo kamtanda ndi cholembera.

"Singano ilowa apa," anatero.

Agnesi, dokotala wachitsikana yemwe anali atangobwera kumene kumaphunziro, analowa akukankha makina a sikani amene anabwereka kuchipinda cha amayi oyembekezera. Anatchinga zenera ndi nsalu kuti chithunzi chioneke bwino. M'chipindamo munagwa mdima, kungotsala kuwala kotuwa kwa makinawo.

"Iii, adokotala, kodi amuna anga ali ndi pakati?" anafunsa a Rakele, akazi a wodwalayo, akuyesa kuseka. Palibe amene anaseka nawo.

Agnesi anapaka mafuta ozizira pamsanapo n'kuikapo kachipangizo kounikira. Pagalasi panaoneka dziwe lakuda bii. M'kati mwake munali kanthu kotuwa, kopyapyala, kakupindika ndi kutambasuka pang'onopang'ono ngati dzanja la munthu womira.

A Rakele anagwira pakamwa. "Bambo a Judith, chikukukodolani!"

A Elia anatukula mutu n'kuyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali.

"Ndi achimwene," anatero motsitsa mawu. "A Agustino. Anagona pabedi lomweli zaka zisanu zapitazo, chifuwa chake chomwechi. Anawabaya m'mawa, pofika madzulo mimba inali itatupa. Mkuja wake tinaika maliro." Anatsitsa phazi pansi. "Mayi a Judith, ndipatseni malaya. Ndikafere kwathu."

Agnesi anadziwa kuti akatuluka pakhomopo sabata sangaimalize.

"Bambo, chimene mukuonacho ndi phapo lanu. Madzi alipanikiza, ndiye likungoyandama. Takokani mpweya."

A Elia anakoka, ndipo kanthu kaja kanagwedezeka.

"Tsopano imani, musapume."

Kanangotsala kakunjenjemera.

"Nanga achimwene chinawapha n'chiyani?"

Agnesi anatsetsereketsa kachipangizoko mpaka pakamtanda kaja kuti awaonetse polowera singano. Dziwe lakuda lija linatha. Kunsi kwa kamtandako kunalibe madzi ngakhale dontho. Kunali mnofu wothithikana, ukukwera ndi kutsika mwakachetechete.

"Chiwindi," ananong'ona a Solomoni, osauza munthu aliyense. "Nacho ukachigogoda chimamveka ngati madzi."

Anayang'ana nkhope ya a Elia, kenaka bedi lija, kenaka zala zawo. Anakhala pampando, atakumbukira kuti kamtanda ka a Agustino anajambulanso ndi iwo omwe.

Agnesi anakweza kachipangizoko nthiti ziwiri, dziwe lija linabwerera. "Singano ilowa apa, bambo, ndipo muziiona nokha ikulowa. Mukaona kuti ikusochera, mundiletse."

Phazi la a Elia linali likadali pansi. A Rakele anali atagwira malaya aja, osadziwa kuti apereke kapena ayi.

"Tembenuzani chigalasi chanucho ndione bwino," anatero a Elia, n'kukweza phazi.

Agnesi anatsuka malowo ndi kubaya mankhwala oletsa ululu. Singano inaoneka pagalasi ngati kachingwe koyera, ikulowa pang'onopang'ono m'dziwe lakuda, kutali ndi chiwindi, kutali ndi dzanja lija. Madzi achikasu anayamba kutsikira m'botolo. Botolo likamadzaza, dziwelo linkaphwa, ndipo kanthu kotuwako kankafufuma mpaka kudzaza malo ake.

"Chaleka kukodola?" anafunsa a Elia, maso atatsinzina chifukwa cha kutopa.

"Chaleka, bambo a Judith."

Anatsokomola, kenaka anakoka mpweya wautali wofika mpaka m'mimba.

A Solomoni anadzuka, anatenga thonje lonyowa n'kuyamba kufufuta kamtanda kaja. Inki inachoka, koma iwo anapitirizabe kupukuta, mpaka Agnesi anawagwira dzanja.