Gitala Yotsokomola ya a Langford

"Atate, tsegulani muone!" anatero Purity akuika thumba lalitali pa mphasa. Mwamuna wake Luckson anali atanyonyomala chapatali pafupi ndi nkhokwe, chipewa chili m'manja, monga achitira mkamwini pakhomo pa apongozi.

A Langford anatsegula. Gitala yawo, imene anaifunafuna sabata yonse mpaka kunamizira ana a m'mudzi, inali kung'anima ngati mbale yatsopano. Anadutsitsa chala pa nsambo. Zinali zisanu ndi imodzi, zonse zatsopano, ndipo zinalira mofewa ngati za kwaya ya kutchalitchi. Mtima wa mkuluyo unangoti myuu.

"A Luckson anapita nayo ku Chipata kukaikonzetsa pa galimoto ya alendo imene amayendetsa ku loji," anafotokoza Purity monyadira. "Anamva kuti lero mukaimbira a Paskale, ndiye anati musakachite manyazi ndi gitala ya zigamba. Waya wa njinga uja wokonzayo wataya, pamodzi ndi kachitini kaja kamasokosera."

Abale inu, waya uja ndi kachitini kaja ndiye inali gitalayo! Kale, a Langford ali mnyamata wa tsitsi lambiri, ankaimba m'bandi yomwe inkazungulira mabala a ku Chipata mpaka ku Migodi. Tsiku lina nsambo ziwiri zinaduka ali kutali ndi sitolo. Iwo anamanga waya wa buleki ya njinga m'malo mwa imodzi, inayo anaisiya, ndipo analowetsa kachidutswa ka chitini pansi pa nsambo kuti kazinjenjemera ngati tizitsulo ta pa kalimba. Kaimbidwe kawo kanasinthiratu. Ankamenya kamodzi, khe, n'kugwira nsambo kuti zii, kusiya mpata. Mumpatamo ndi mmene Paskale, mnzawo wa ng'oma, ankaloweramo. Poyamba anthu ankaseka kuti gitala ya Langford ikutsokomola, koma pasanathe chaka anyamata a mabandi ena anali akudula mabuleki a njinga za makolo awo.

Zonsezo zinapita. Tsopano a Langford ankalima ku Kakumbi n'kumalimbana ndi njovu, ndipo a Paskale anali atafa ziwalo mbali imodzi, osayankhulanso. Masana a tsikulo Hosea, mwana wa a Paskale, anali kudzawatenga kupita nawo ku Ndola, ndipo aliyense ankadziwa kuti kuchigwa kuno sadzabwerako. Akazi awo a Felister anali atapempha chinthu chimodzi chokha: a Langford abwere ndi gitala, mwina amuna awo angazindikire mnzawo asanachoke.

"Uwauze apongozi kuti zikomo, agwira ntchito," anatero a Langford, maso ali pansi. Akanatinso chiyani? Mkamwini sakalipiridwa pamaso, ndipo Luckson naye chimene chinamuletsa kufunsa asanatenge gitala ndi ulemu womwewo. Chikwatirire Purity, amuna awiriwa ankangopatsana moni, mawu ena onse ankadzera mwa akazi.

Koma a Christine, akazi a a Langford, analibe nthawi ya zimenezo. Anatuluka m'khitchini akupukuta manja pa chitenje.

"Atate ake Purity, tayimbani timve."

A Langford anamenya, khe. Gitala inayankha mokoma, mawu n'kumapitirira, osafuna kutha.

"Iyayi, iyi si imene inandichotsa kwa makolo anga," anatero mayiwo. "Iyi a Paskale akaimva adzayesa kuti abusa abwera kudzawatsanzika. Purity, amuna ako m'galimoto muja amaika nyimbo zanji akamatenga alendo ku bwalo la ndege?"

"Za anyamata a ku Lusaka, zija gitala yake imadukizadukiza."

"Eya! Nanga akuganiza kuti anyamatawo anazitola kuti? Iwo amazipanga ndi makompyuta, mwini wake ndi uyu wakhala apayu, wa zigamba yemweyu."

Luckson anamva zonse. Thukuta linamutsika ngakhale anali pamthunzi. Anadzuka mwakachetechete n'kuzungulira kuseri kwa nyumba kumene anaimika njinga yake, yatsopano, imene ankaipukuta m'mawa uliwonse. Kunamveka kuti thapu. Anabwerako atanyamula waya wa buleki ndi manja awiri, anagwada, n'kuupereka kwa Purity kuti apatsire atate ake.

"Mayo, njinga ija!" anafuula Purity.

"Isiye, ali ndi mapazi," anatero a Christine, akulowera kumunda ndi mpeni. Pa mpanda wa tsabola woingitsira njovu panali zitini zolendewera, ndipo anabwerako ndi chimodzi cha dzimbiri.

A Langford anachotsa nsambo ziwiri zatsopano. Pomanga waya ndi kulowetsa kachidutswa ka chitini, wayawo unawacheka, koma sanalole munthu kuwathandiza. Atamaliza anamenya kamodzi n'kupukusa mutu. Sizinali ngati kale, chifukwa waya wakale uja unali utamwa thukuta lawo zaka zambirimbiri. Komabe inatsokomola.

Pamene a Langford, Purity ndi Luckson ankafika kwa a Paskale, galimoto ya Hosea inali itaima kale, matiresi atamangidwa pamwamba. Wodwalayo anali pa mpando pansi pa mtengo wa mango, atavekedwa jekete, maso ali kumwamba.

"Mwaswera bwanji, a Langford? Ndimayesa simubwera," anatero a Felister akulira.

"Paskale, mnzanga, ndine," anatero a Langford. Maso aja sanatembenuke n'komwe.

Anakhala pa chitsa n'kuyamba nyimbo imene ankatsegulira nayo dansi. Khe, zii. Khe khe, zii. Anaibwereza, palibe. Anaibwerezanso, Hosea akuyang'ana dzuwa ndi msewu. A Langford anafuna kungosiya. Anamenyanso kamodzi n'kugwira nsambo.

Mumpata muja munamveka kuti gu. Linali dzanja lamanzere la a Paskale, pa thabwa la mpando. Khe, gu. Khe khe, gu gu. Sanaphonye mpata ndi umodzi womwe. A Felister anakhala pansi pa dothi atagwira pakamwa, ndipo nyimbo itatha palibe amene anaomba m'manja.

Pamene ankawanyamula a Paskale kuwalowetsa m'galimoto, a Langford anayenda pambali akuimbabe. Galimoto inanyamuka pang'onopang'ono, dzanja lija lili pa windo, likumenya chitseko mpaka fumbi linaibisa.

A Langford anapukuta nkhope ndi malaya. Kumbuyo kwawo kunali Luckson, ataimirira chapatali ndi njinga yake yopanda buleki. Mkuluyo sanayang'ane Purity kuti awaperekere mawu. Anatembenukira kwa mkamwini wawoyo.

"Apongozi," anatero, "pa mtsetse wa ku mtsinje paja muzitsika."