Envelopu ya Ba Mpundu

Mu Okutobala 1982, pakhomo pa Ba Mpundu ku Chelstone panali boti, ndipo mkazi wawo Barbara analibe nalo mtendere. Linali laling'ono, loyendera tanga. Anawasiyira ndi bwana wawo wakale pobwerera kwawo kunja. Linakhala miyezi isanu pa matayala pansi pa mtengo wa mango, odutsa akuseka kuti mu Lusaka mwapezeka munthu woweta boti.

Tsopano Ba Mpundu anati pa holide ya Indipendensi alitengera ku Siavonga, akayende pa nyanja ya Kariba ndi mlamu wawo Chibesa, mlongo wake wa Barbara. Koma sananene kuti pamadzipo akalowera kuti, kapena akabwerera nthawi yanji.

"Bashi Kampamba, muyenda kuti maka-maka?" anafunsa Barbara, kuwatchula ndi dzina la mwana wawo woyamba.

"Pa manzi chabe," anayankha iwo.

Ba Mpundu anakulira ku Samfya, m'mbali mwa nyanja ya Bangweulu. M'banja mwawo anaphunzitsidwa kuti munthu sanena kumene akupita pamadzi, kuopa kuti wansanje angamutsogolere ndi zoipa. Anali kalaliki wovala tayi, wosaphonya tchalitchi, koma pa nkhani iyi anali ouma mutu. Barbara anachita mantha. Akapanda kubwerera, iye akanauza anthu kuti akawafune kuti?

Anapita kwa aneba awo, Ba Killian, amene anagwirapo ntchito ya maboti ku Siavonga zaka khumi ndi ziwiri. Loweruka m'mawa Ba Killian anabwera, nazungulira botilo mwakachetechete.

"Shani, Ba Mpundu," anatero popereka moni. "Majaketi oyandamitsa ali kuti?"

Majaketiwo anali pabalaza. Popeza anali ofewa, banja lonse linkawakhalira pomvera wailesi. Ba Killian anamangirira mwala ku jaketi iliyonse n'kuiponya mu dilamu ya madzi. Ziwiri zinayandama. Yachitatu inamira pang'onopang'ono.

"Iyi mwaipaya na matako," anatero Ba Killian. "Ziwili izi muzavala mukalibe kukwela, osati pamene boti yagubuduka."

"Ine nimanyaya kuchokela nili mwana," anatero Ba Mpundu, kutanthauza kuti kusambira amakudziwa.

"Ku Bangweulu munali na matete pafupi, na anzanu mumabwato. Kariba ni yaikulu. Mphepo ikabwela, mtunda suoneka, ndipo ng'wena sizifunsa kuti munakulila kuti."

Kenako anayamba kuitanitsa zinthu. Anafuna chidebe chokapira madzi, chomangidwa chingwe kuti chisatayike. Anafuna nkhafi ziwiri zopalasira, poti tanga likalephera manja ndiwo amatsala. Chingwe chachitali chinalipo, koma makoswe anali atachidya pakati, choncho anagula china. Anawonjezera mpeni, wezulo, tochi, mankhwala a pabala, chakudya chouma ndi madzi akumwa a masiku awiri, ngakhale ulendo unali wa tsiku limodzi. Pomaliza anapempha kagalasi ka Barbara kodziyang'anira, nasonyeza Ba Mpundu mmene amathwanimitsira dzuwa kuti munthu wa kutali aone.

Zonsezi Ba Mpundu anavomera, ngakhale monyinyirika. Vuto linabwera pa funso lomaliza.

"Manje niuzeni, muyenda kuti, muzabwela nthawi bwanji?"

"Izo sitikamba kwathu."

Ba Killian sanaseke, ndipo sananyoze mwambo wa anthu. Anapempha pepala ndi envelopu.

"Musakambe. Lembani. Lembani kwamene muyenda, njila, anthu angati, na nthawi yobwela. Mumate envelopu mweka. Ku Siavonga mupase Ba Petros, wamene asunga maboti, ni munzanga. Mukabwela bwino, azakubwezelani yosasegula. Ikakwana sikisitini awazi simunaoneke, ni pamene azasegula. Wansanje sabelenga mu envelopu yomata."

Ba Mpundu anayang'ana mkazi wawo. Maso a Barbara anali atafiira. Ba Mpundu analemba, namata, nasaina pomatapo monga amachitira ku ofesi.

Tsiku la ulendo, Barbara anatsala pagombe ndi Ba Petros, amene anali atalandira envelopu ija. M'mawa nyanja inali bata, ndipo boti linapita mpaka linasowa m'maso. Cha m'ma 2 koloko masana mphepo inasintha. Inabwera mwamphamvu, waya umodzi wogwira mlongoti wa tanga unaduka, mlongotiwo n'kugwera m'madzi pamodzi ndi tanga. Mafunde anayamba kulowa m'boti.

Onse awiri anali atavala majaketi. Chibesa anagwira chidebe n'kumakapa madzi osapuma. Ba Mpundu anadula zingwe za tanga zimene zinkakokera boti pansi. Kenako anapalasa mpaka anafika pa mtengo wouma, umodzi wa mitengo imene inamizidwa pomanga damu la Kariba, namangirirapo boti. Patali pankaoneka kachilumba.

"Mulamu, tinyaye tifike paja," anatero Chibesa.

"Awe. Ba Killian anakamba kuti boti ioneka kutali, mutu wa munthu suoneka. Tinkhale."

Anakhala. Ba Mpundu anachita mantha kwambiri, ndipo pambuyo pake sanabise zimenezo. Ankangoyang'ana wotchi yawo.

Pagombe, 4 koloko itakwana, sikisitini awazi ija, Ba Petros anatulutsa envelopu m'thumba la malaya. Sanadikire mphindi ina. Anang'amba, nawerenga mokweza kuti Barbara amve: anthu awiri, boti loyera, kupita ku zilumba za kumadzulo, kubwerera chotsata gombe. Analiza boti la injini nanyamuka ndi mnzake.

Kudziwa mbali yoyenera kunawapulumutsa nthawi, komabe nyanja ndi nyanja. Anazungulira pafupifupi ola lathunthu osaona kanthu, poti boti lopanda tanga limabisika m'mafunde. Dzuwa litapendeka, Ba Petros anaona kuwala kukuthwanima pakati pa mitengo youma, kuzima, n'kuthwanimanso. Atayandikira anamva wezulo.

Anafika nawo pagombe dzuwa lisanalowe. Barbara analira, kenako anakwiya, kenako anapempha kagalasi kake. Ba Petros anapereka envelopu yong'ambika ija kwa mwini wake.

"Pepani, Ba Mpundu, nasegula kalata yanu."

"Mwachita bwino," anatero iwo motsitsa mawu. "Kuti simunasegule, sembe bana Kampamba afuna ine Kariba yonse," anawonjezera, kunena mkazi wawo.

Atabwerera ku Chelstone, Ba Killian sananene kuti ndinakuuzani. Anangobwera ndi waya watsopano, nathandiza kukonza mlongoti. Majaketi anawapachika pamsomali, ndipo pabalaza anthu anabwerera pa mipando yolimba. Ulendo wotsatira, Ba Mpundu analembanso envelopu ya Ba Petros. Koma asanamate, anaitana mkazi wawo nawapatsa pepalalo kuti awerenge.

Phunziro lake ndi ili. Musanapite kutali pamadzi, yesani majaketi anu ndipo muwavale musanakwere. Tengani chokapira madzi, nkhafi, chingwe, madzi akumwa, ndi chinthu choitanira thandizo monga wezulo ndi galasi. Boti likawonongeka koma likuyandama, musalisiye. Koposa zonse, siyani uthenga kwa munthu wodalirika wa pamtunda, wonena kumene mukupita ndi nthawi imene mubwerere. Ngati simungathe kunena ndi pakamwa, lembani. Amene sananene kumene wapita, omufuna sadziwa koyambira.